Nsanjika ya pa Kande

Overtoun Mhone anabwerera kwawo ku Kande imvi zili mbuu, bondo lakumanja likumuvuta, atanyamula zikwama ziwiri ndi mutu wodzaza matauni a eni ake. Anthu anali atamuika kale m'gulu la matchona, aja amapita ku Joni osadzaonekanso. Komatu iye sanathere ku Joni kokha. Anayambira kumeneko ali mnyamata, akusakaniza simenti ndi fosholo, mpaka kapitawo wina anamuphunzitsa kuyendetsa kireni, chimakina chachitali chija chimanyamula zitsulo ndi konkire pomanga nyumba zosanja. Ntchito imeneyo ndi imene inamuyendetsa dziko. Kampani ikapeza ntchito ku Lusaka, iye ku Lusaka. Ikapeza ku Dar es Salaam, iye konko. Anafika ku Nairobi, ku Kampala, ngakhale ku Luanda kumene chilankhulo chinamukanika mpaka anachokako akungodziwa kupempha madzi ndi kutukwana. Mkazi anakwatira ku Zambia, ndipo anamuika m'manda komweko. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Queen, anakwatiwa ku Kitwe.

Munthu wa kireni amaswera yekhayekha m'kachipinda kagalasi, kumwamba kumene akhwangwala amauluka pansi pa mapazi ake. Podikira kuti anzake pansi amange katundu, alibe china chochita koma kuyang'ana. Overtoun anayang'ana kwa zaka zambiri, mpaka anadziwa m'mene tauni imakulira monga mlimi adziwira m'mene udzu umalowera m'munda. Choyamba pamadutsa phula. Kenako wina amamanga pomwetsera mafuta. Amayi amabwera ndi nthochi ndi chimanga chootcha kudzagulitsa kwa oyendetsa malole, amadzika tizisakasa, tizisakasa timasanduka timagolosale, ndipo tsiku lina anthu a masuti amatsika m'galimoto n'kuyamba kufunsa mwini malo. Anaonanso kuti matauni akuluakulu amene anagwirako ntchito anakhala padoko, kapena pamgodi, kapena panjira yochokera mkati mwa dziko kupita kudoko.

"Afirika yense anapendekera kunyanja yamchere," ankatero. "Chilichonse chimatsetserekera komweko. Wochenjera amakhala pamene katundu akudutsa."

Panali chinthu chimodzi chimene chinamukhala ngati munga wa nsomba pakhosi. Ali ku Dar es Salaam ulendo woyamba, mnzake wa kuntchito anamutengera kunja kwa tauni, kumunda wa mitengo ya kokonati kumene kunkadya mbuzi, n'kumuuza kuti, "Mnyasa, gula pano." Overtoun anaseka mpaka misozi. Kugula tchire? Atabwererako ulendo wachiwiri anasochera pamalo omwewo. Panali masitolo, mabasi, nyumba zosanja, ndipo mnzake uja anali atatuluka mimba, galimoto akumuyendetsera ndi wantchito. Kuyambira tsiku limenelo analumbira kuti mwayi ukadzamudutsanso pafupi sadzauseka.

Mng'ono wake, Enock, sanachokeko ku Kande chibadwire, kupatula timaulendo ta ku Mzuzu tokagula ulusi wa maukonde. Ndiye anasunga malo amene bambo awo anawasiyira: gombe la mchenga woyera, lobisika kumphepo chifukwa cha chimwala chimene chinalowerera m'nyanja chakumwera, ndi munda wa chinangwa kumtunda kwake, nyumba ili pakati. Pagombepo ankakocheza boti lake la injini ndi mabwato, pomwepo panali mathandala oyanikapo usipa, pomwepo mkazi wake, NyaLongwe, ankaviika chinangwa. Sanali wolemera, koma amalonda a ku Mzuzu ankamudziwa dzina, ndipo ana ake ankapita kusukulu atavala nsapato.

Tsiku limene Overtoun anatsika minibasi, Enock anamuchingamira kumsewu atavala shati ya kutchalitchi. Anaima chapatali, manja kumbuyo, ngati akulandira mlendo wa boma.

"Mwe uli, akulu?"

Overtoun anafuna kuyankha m'Chitonga chomwecho, koma lilime linamulemera, mawu anatuluka atasakanikirana ndi Chizulu ndi Chiswahili. Onse awiri anafa nalo phwete, ndipo m'kuseka momwemo anakumbatirana.

Enock anamupatsa chipinda chabwino koposa m'nyumba mwake. NyaLongwe ankamuotchera nsomba ya batala, adzukulu akumupempha kuti awauze za ndege. Miyezi yoyamba zinkamukomera. Koma munthu wozolowera phokoso la makina, bata limamudwalitsa. Anayamba kumapita kumsewu m'mawa uliwonse, n'kukhala pakhonde la golosale akuyang'ana magalimoto opita ku Nkhata Bay ndi obwerera ku Nkhotakota.

Ali pakhonde pomwepo, tsiku lina anaona amuna ovala zipewa zolimba ndi malaya achikasu owala, atadzika chida chawo chamiyendo itatu m'mbali mwa phula, akusuzumira. Mtima wake unadumpha. Anthu oterewa ankawadziwa, ndipo kulikonse kumene anawaona, kireni inkabwera pambuyo pawo. Masiku omwewo pawailesi pankamveka nkhani ya njira yachidule yopita kunyanja yamchere. Ankati katundu wa ku Zambia ndi wa kuno azidzaoloka nyanja yathuyi pasitima kukatsikira ku Mbamba Bay, tsidya lija la Tanzania, n'kupitirira pamsewu mpaka kudoko la Mtwara. Overtoun analumikiza ziwirizo m'mutu mwake, ndipo ngakhale batala anasiya kumukomera.

Mnzake wa bawo pakhondepo anali mphunzitsi wa jogalafe pasekondale yoyendera, a Simeon Mbewe, kwawo ku Dedza, munthu wofatsa amene anakhala kunyanja zaka zingapo osaphunzira kusambira ngakhale Chitonga.

"Aphunzitsi, inu mumadziwa mapu. Tandiuzeni, malole ochokera ku Chipata akamapita kudoko la Nkhata Bay azidzadutsa pati?"

"Akhoza kudutsa pano, akhozanso kudzera ku Mzuzu," anayankha a Mbewe. "Koma a Mhone, pamapu pamakhala mizere yamitundu iwiri. Wina ndi wakuda bii, wina ndi wa timadonthomadontho. Wa timadontho umatanthauza kuti akuluakulu akuganizirabe. Afirika wadzaza ndi timadontho: njanji, madoko, misewu yodula chipululu. Tina ndinatipeza m'buku ndili kupulaimale, lero ndikuphunzitsa ana timadontho tomweto."

"Inu matauni mumawaona papepala," anatero Overtoun akuseka, koma osati mwachipongwe. "Ine ndawaona akumera."

A Mbewe sanatsutse. Anangotakata nkhomo zawo n'kunena kuti iwo ndi munthu wa choko, zamalonda sazidziwa.

Mwayi, monga iye anauonera, sunachedwe. Mayi wina wa ku Lilongwe, wovala magalasi akuda, ankayendayenda m'magombe kufunira malo anthu ofuna kumanga loji ya alendo, ndipo gombe la ana a Mhone linamutenga mtima. Kumsewu nako kunali munthu wogulitsa malo aakulu bwino, moyang'anizana ndi golosale ija. Kwa Overtoun zonse zinali poyera: agulitse mchenga, agule phula.

Nkhaniyo anaiyamba Lamlungu masana atachoka kutchalitchi, awiriwo atakhala pabwato lovundikira.

"Enock, mchenga uwu sudzakupatsa china choposa chimene wakupatsa kale. Usipa ukuchepa chaka ndi chaka, iwe wemwe umanena. Koma kumsewu kukubwera tauni. Timange nyumba yosanja, yoyamba pa Kande pano. Pansi masitolo, pamwamba zipinda zogona oyendetsa malole. Ana ako sadzafunanso kupita ku Joni. Joni idzawapeza pakhomo."

Enock anakumba mchenga ndi chala chakuphazi.

"Akulu, mukukumbukira chimene chinawachotsa ada, bambo athu, ku Chintheche? Ankati kumangidwa fakitale ya mapepala, tauni yaikulu, magetsi mpaka kuchimbudzi. Anthu anasamuka. Inu munalipo, munasenza nawo chitseko pamutu. Fakitale ija ili kuti?"

"Nthawi imeneyo ndi ina. Omanga a masiku ano ndawaona ndi maso angawa. Umagona pali tchire, podzuka pali mlatho."

"Nanga boti ndizikocheza pati?"

"Ndakambirana nawo. Atisiyira njira ndi kagawo ka gombe chakumpotoku. Alendo amakonda kujambula asodzi."

NyaLongwe, amene ankasenda chinangwa chapafupi, analankhula osadzutsa mutu. "Alamu, mchengawu kwa inu oyenda ndi wachabe, koma sunatigonetsepo ndi njala."

Overtoun anali ndi pakamwa. Anafotokoza za Dar es Salaam, za munda wa kokonati, za mnzake wamimba uja. Analankhula masabata angapo osatopa, ndipo sankanama, zonsezo ankazikhulupirira ndi mtima wonse. Panalinso china chimene sanachitchule. Zaka zonse zija sanatumizeko kanthu kooneka kwawo, maliro a mayi awo anawamva anthu atabalalika kale pasiwa. Tsopano ankafuna kupatsa mng'ono wake chinthu chachikulu kamodzi n'kamodzi, choti chikwirire zonsezo.

Pomaliza Enock anati, "Ndinu akulu. Mwaona dziko. Ine ndaona madzi okhawa." Ndipo anasaina pamene anamuuza kuti asaine. Banja lonse linasamukira kumsewu, m'kanyumba kamene anamanga mofulumira kumbuyo kwa malo atsopanowo.

Chaka chomanga chinali chokoma kuposa zaka zonse za moyo wa Overtoun. Bondo analiiwala. Aka kanali koyamba kuti aime pamaziko n'kunena kuti ndi ake. Ankayeza yekha mchenga ndi simenti, ankabweza njerwa zosapsa, ankakalipira amisiri m'zilankhulo zimene iwo sankazimva. Tsiku lothira konkire ya pamwamba anthu anabwera kuchokera ku Bandawe ndi ku Chintheche kudzaonerera amuna akukwera makwerero amatabwa atasenza ndowa. Malowo anayamba kutchedwa pa Nsanjika, ndipo makondakitala a minibasi analitola dzinalo. Enock ankabwera ndi nsomba za amisiri, n'kuyang'ana kumwamba, n'kumwetulira pang'ono.

Kugombe nako ankamanga. Poyamba mpanda unali wa bango, kenako wa njerwa. Njira anaisiyadi, ndipo kwa kanthawi Enock ankadutsa. Koma loji ija inagulitsidwa kwa anthu ena, ndipo eni atsopanowo lonjezo la pakamwa sankalidziwa. Anati fungo la usipa likuthamangitsa alendo, anati injini zikuwadula tulo. Panjira paja panaikidwa geti, pageti mlonda, ndipo mlondayo anali mwana wa m'mudzi momwemo, amene ankagwetsa nkhope pouza Enock kuti sangadutse. Overtoun anavala jekete n'kupita kukadandaula. Woyang'anira loji anamulandira mwaulemu, anamupatsa madzi ozizira m'tambula yagalasi, n'kumuuza mofatsa kuti mabwana ake anagula malo onse mpaka kumadzi. Pobwerera Overtoun anadzera njira yakutchire kuti asakumane ndi munthu.

Enock anasamutsira boti lake kugombe lina lapoyera, lamiyala, lopanda chotchinga mphepo. M'nyengo yozizira mwera unabwera waukali, unadula chingwe cha nangula n'kumenyetsa boti pamiyala mpaka matabwa anamwazika gombe lonse. Injini anaivuula itamwa madzi ndi mchenga. Overtoun atamva anathamangira kumeneko akutsimphina, n'kupeza mng'ono wake akutola matabwa limodzilimodzi, akuwaunjika bwinobwino ngati adzagwiranso ntchito.

"Ndikugulira lina, Enock. Malole akangoyamba, ndikugulira lalikulu kuposa ili."

"Yewo, akulu," anatero Enock, n'kupitiriza kutola.

Sanamukalipire, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Overtoun akanakonda atamutukwana pagulu.

Apo n'kuti thumba litauma. Nyumba inaima pamene inafika: pansi zipinda zomalizidwa, pamwamba makoma opanda denga, zitsulo zikuloza kumitambo. Amuna a malaya achikasu aja zinadziwika kuti ankayeza kamlatho kamene madzi a mvula anakokolola. Atakakonza anapakira zida zawo n'kumapita.

Mvula isanagwe, Enock anabwera kudzatsanzika. Alamu ake ku Ruarwe, kwawo kwa NyaLongwe, anali ndi ukonde waukulu wa chilimira ndipo ankafuna munthu wodziwa madzi. Overtoun anadziwa kulemera kwa nkhaniyo. Mwamuna amene analowola mkazi wake, kupita kukakhala kwa mkaziyo tsitsi litayamba kuyera, si chinthu chimene munthu amachita akuseka.

"Usapite. Tenga chipinda chimodzi pansipa, utsegule sitolo."

"Ndizigulitsamo chiyani, akulu? Ine ndimadziwa kugulitsa chimene ndapha."

Anapita ndi mkazi wake, ana, mphasa ndi injini yakufa ija.

Zaka zinadutsa. Kande anakuladi, koma osati m'mene Overtoun anawerengera. M'mbali mwa nyanja maloji anachuluka, mipanda inagundana mpaka amayi ankayenda mtunda kuti apeze pochapira. Kumsewu kunabwera timabala, ogulitsa mayunitsi ndi anyamata a njinga zamoto. Malole ankadutsa omwe aja a shuga ndi matabwa, ndipo sankaima. Nkhani ya njira ya ku Mtwara inkamveka pawailesi mwa apo ndi apo, n'kuziranso. A Mbewe anawasamutsira ku Kasungu, ndipo mpaka tsiku lonyamuka sananenepo kuti ndinakuuzani.

Overtoun anafolera kachipinda kamodzi pamwamba n'kumagonamo. Pansi, chipinda china anatenga wometa tsitsi, china a mpingo wina watsopano wa ng'oma ndi zokuzira mawu. Chokhacho chimene pakhomo pake pankakhala mzere chinali cha bambo wogulitsa matikiti a mabasi a ku Joni. Ali pamwamba pake, Overtoun ankawaona: anyamata ndi atsikana a ku Sanga, a ku Bandawe, a ku Mpamba, atakumbatira zikwama, amayi awo akuwaperekeza. Ananena zoona kuti chilichonse chimatsetserekera kumatauni akuluakulu. Chimene sanachione ali m'kireni n'chakuti katundu wa kwawo ndi ana a kwawo.

M'mawa wina, pamzere paja, anaona munthu woima manja kumbuyo. Anatsika makwerero mofulumira kuposa m'mene bondo linkalolera. Anali Noel, mwana woyamba wa Enock, tsopano bambo wa ndevu zake.

"Noel! Wafika pano osakwera kudzandilonjera?"

"Ndimabwera, ada. Ndimati ndiyambe ndagula tikiti."

"Nawenso?"

"Nanga nditani? Ku Ruarwe malo ndi a amalume, ana awo omwe sakuwakwanira. Kuno..." Anayang'ana chakunyanja, kumene madenga audzu a loji ankaonekera pamwamba pa mitengo, ndipo sanamalize.

Overtoun anamukokera pambali n'kumuuza za Joni yeniyeni: kugona mopanikizana m'chipinda chimodzi, kubisala apolisi, maina onyoza amene amatcha alendo, kuzizira kolowa m'mafupa. Noel anamvetsera mwaulemu, mutu uli pansi.

"Ndamva, ada. Koma inuyo munapita."

 Overtoun anatembenuza nkhani n'kufunsa, "Ada ako ali bwanji?"

"Miyendo ikutupa. Kunyanja anasiya kupita. Amangosoka maukonde a eni."

Sabata yomweyo Overtoun anakwera sitima ku Nkhata Bay kulowera kumpoto. Anali atafika maiko ambiri, koma ku Ruarwe anali asanapondeko. Mapiri kumeneko amatsika mowongoka mpaka kuponda m'madzi, nyumba zitakanirira m'mbali mwake. Galimoto kulibe, msewu kulibe. Sitima imaima chapatali, maboti aang'ono n'kudzatola anthu ndi matumba awo.

Anapeza Enock ali pamthunzi, ukonde uli pamaondo, miyendo yotupa ataitsamiritsa pachitsa. Anali ataonda m'masaya, koma maso anali omwe aja. Anafuna kuimirira kuti alonjere mkulu wake, Overtoun anamukhazika pansi. NyaLongwe anagwada n'kupereka moni, kenako anapita kukagwira nkhuku.

Atatha zolonjerana, Overtoun anati, "Ndabwera kudzakutenga. Kuno chipatala chachikulu chili kutali. Ku Kande msewu uli pakhomo, ku Chintheche ndi pafupi. Nyumba ija theka ndi yako."

"Makwerero aja, ndi miyendo iyi?" Enock anaseka.

"Pansi zipinda zilipo. Wometa ndimutulutsa."

"Ndikakhale khoma limodzi ndi ang'oma aja? Akulu, kumsewu ndinayesa kukhalako. Ndinkadzuka n'kumva matayala. Kuno ndikadzuka ndimamva madzi, ngakhale gombe si langa."

 Mawu amene Overtoun anawakonza ali m'sitima onse anathawa, anatsala ochepa okha.

"Ndinakuchotsa pabwino, mng'ono wanga."

Enock anapitiriza kusoka, akukoka ulusi ndi mano. "Munkafuna zabwino. Nanenso ndinasaina, dzanja palibe anandigwira. Mtima unkandiuza, koma ndinaopa kuoneka wotsalira pamaso panu. Munabwera mukudziwa maina a matauni amene ine sindingathe n'kuwatchula komwe." Anamanga mfundo, n'kudula ulusi. "Chimodzi chokha ndikupempheni. Tsiku langa likadzafika musadzandisiye kuno. Mudzanditengere kwathu, pafupi ndi ada ndi ama. Kapena manda aja munagulitsanso?"

"Enock!"

"Ndikuseka, akulu. Koma mwamva?"

"Ndamva. Ndidzakutenga ndekha."

Anakhala komweko mpaka sitima inabwerera. Masiku amenewo anali abwino. Ankaswera pamthunzi paja, Overtoun akuphunziranso kusoka ukonde ndi zala zouma, akukumbutsana za aphunzitsi a ku Bandawe amene ankawakwapula chifukwa cha ndime za m'Baibulo, za ng'ona imene inadya galu wa abusa, za atsikana amene tsopano anali agogo kapena anali kumanda. Za gombe sanakambenso.

Uthenga unafika nyengo yozizira yotsatira, kudzera mwa munthu amene anakwera phiri kuti foni igwire. Enock anali atatsikira kuli chete m'mawa wa tsiku lomwelo. Overtoun anagula bokosi ku Chintheche, n'kuthamangira nalo kudoko la Nkhata Bay. Anapeza nyanja itachita thovu mpaka kumene maso amalekezera. Mwera unali utayamba dzulo lake. Sitima inali itadutsa kale, ndipo kubwera kwake kunali sabata yamawa. Anayenda kwa mwini boti aliyense, kuchonderera, kugwada kumene, koma onse anapukusa mutu.

"Ada, tikufuna maliro amodzi kapena angati?" anamufunsa wina.

Anafunsa za njira yapamtunda. Anamuuza kuti galimoto ikhoza kumufikitsa ku Usisya ngati msewu wa m'phiri uli bwino, koma kuchokera apo ndi wapansi, m'tinjira ta m'matanthwe timene munthu wamiyendo yabwino amayenda atagwira udzu. Bokosi la munthu wamkulu silingadutsemo, ndipo ndi bondo limenelo iye mwini akanafuna womunyamula. Anakhala padoko pomwepo, bokosi lili pambali pake atalifunditsa chitenje, akuyang'ana mafunde ngati kuyang'anako kungawagonetse.

Ku Ruarwe anadikira mpaka pamene thupi la munthu limalola. Kenako anaika.

Nyanja itagona, Overtoun anaoloka wopanda bokosi. Anamutsogolera kukwera phiri mpaka kumanda a banja la a Longwe. Mtumbira unali pamalo otsetsereka, atauzinga ndi miyala kuti mvula isadzaukokolole. Maina a pamitanda yozungulira sanali odziwika kwa iye ngakhale limodzi. Anakhala pamwala, chipewa chili m'manja. NyaLongwe anakhala pansi chapatali, mpango wakuda uli kumutu.

"Alamu, tinadikira," anatero.

"Ndikudziwa."

"Sanavutike. Madzulo ake ankafunsa ngati mphepo yatembenuka, basi."

Overtoun anamupempha kuti abwerere naye ku Kande. NyaLongwe anathokoza, koma anati kumene kwagona mwamuna wake ndi kumene akhale, ndipo kuno ali ndi kamunda.

Pobwerera, boti litangokocheza ku Nkhata Bay, foni inalira m'thumba mwake. Anali Noel, kumbuyo kwake kukumveka mahutala ndi anthu akukuwa m'chilankhulo china.

"Ada, mwawaika kuti?"

"Ku Ruarwe, mwana wanga. Nyanja inakana."



"Anandiuza kuti munawalonjeza."

"Ndinawalonjeza."

Noel sanakweze mawu. Anafunsa ngati munthu wofunsa njira. "Ndiye ine ndikadzabwera ndidzafikire kuti? Mkazi wanga anabwerera kwawo ku Usisya ndi mwana. Ama ali kwa amalume. Ada ali m'phiri la eni."

"Udzafikire kwa ine. Chipinda chilipo, ndichifolera."

"Chabwino, ada. Mayunitsi akutha."

Foni inaduka.

Chipindacho anachifoleradi chaka chomwecho, ndi malata akale amene anagula kwa a mpingo aja, n'kuikamo bedi, mpando ndi neti ya udzudzu. Noel sanabwerebe. Amaimba mwa kamodzikamodzi, nthawi ya Khrisimasi makamaka, ndipo amati chaka chamawa. Overtoun amasesamo Loweruka, bondo likalola.